Ululu wa opaleshoni si wobisa

Mwezi wathawu ndinali gadiyani kuchipatala ku Migowi, mng'ono wanga atabereka kudzera opaleshoni. Usiku woyamba namwino anamufunsa kuti: "Amayi, pakati pa 0 ndi 10, ululu uli pati? 0 ndiye kuti palibe, 10 ndi wosapiririka." Iye anati 2, chonsecho thukuta lili kamukamu, mano atalumana.

Ndinadziwa chifukwa chake. Agogo athu a ku Chiringa anamulangiza kuti mkazi weniweni sabuula. Koma namwinoyo sanakhutire. Anamuyang'ana nkhope, anayeza BP ndi kugunda kwa mtima, kenako anamupempha kuti atembenuke. Apa m'pamene anaulula: 8.

Nambalayi imathandiza posankha mankhwala. Ululu ukachepa, panado kapena diclofenac amakwana. Ukakula, dokotala amalemba jakisoni wa pethidine kapena morphine. Pakapita kanthawi, namwino amabweranso kudzafunsa ngati watsika.

Kubisa ululu n'kudzipweteka wekha. Munthu amaopa kupuma mokoka, kutsokomola ndi kudzuka pabedi, ndiye chibayo chimapezerapo mpata, magazi amatha kuundana m'miyendo, ngakhale kuyamwitsa kumavuta.

Anzanga, ambirife tidzadikirirapo wodwala tsiku lina. Akabuula musamamukalipire kuti akuchititsa manyazi. Mulimbikitseni anene nambala yeniyeni, ndipo musamupatse mankhwala a m'chikwama mwanu anamwino asakudziwa. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Mng'ono wanga mawa lake anayenda yekha mpaka pakhonde, mwana ali m'manja.