Sikelo ya nkhawa za ana iyesedwe kaye

Tonse timaidziwa sikelo yobera ya ogula mbewu. Mukaikapo thumba lero ndi mawa imaloza nambala yomweyo, koma ndi yabodzabe. Mafunso oyezera nkhawa mwa ana nawonso ali choncho. Kutulutsa zotsatira zofanana kawiri si umboni woti akuyezadi nkhawa.

Taonani mafunso 44 amene Susan Spence adakonza ku Australia m'zaka za m'ma 1990. Lina limafunsa ngati mwana amaopa chikepe cha m'nyumba zosanja, lina ngati amaopa agalu. Kodi ndi ana angati a ku Ndirande adakwerapo chikepe? Nanga kuopa galu wongoyendayenda, amene angakhale wachiwewe, ndi matenda kapena nzeru?

Komanso ana athu tidawalera kuti asamatsutse wamkulu. Mlendo wonyamula pepala akafunsa, mwana amayankha zomukondweretsa mlendoyo.

Mafunsowa sitikuwakana ayi. Koma asanayambe kugwira ntchito kuno, amasuliridwe bwino, ayesedwe pa ana athu, ndipo zotsatira zake ziyerekezedwe ndi zimene dokotala wapeza pocheza ndi mwana ndi makolo ake. Kupanda apo, mwana wabwinobwino tidzamutcha wodwala, wovutika weniweni n'kumusiya akulirira mumtima.