Mapulani a zomanga m'mbali mwa nyanja aziwerengedwa pagulu

Akonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yanu kuti ndiyankhule ndi anzanga a kuno kwa Mwadzama, pamodzi ndi azibusa ndi ansembe athu, pa nkhani imene ambirife timaiyesa ya anthu a m'tauni okha.

Munthu akafuna kumanga nyumba zosanjikizana zochititsa lendi ku Lilongwe kapena ku Blantyre, pamodzi ndi malo oimikapo magalimoto, sathamangira kukumba maziko ayi. Amayamba wapereka mapulani ku khonsolo ya mzinda. Komiti yoona za mapulani imafunsa kuti madzi oipa azidzapita kuti, magalimoto azidzalowera pati, ndiponso ngati oyandikana nawo sadzatsekeredwa njira. Ikakhutira m'pamene imapereka chilolezo.

Pansi pa lamulo lakale la 1988 zimenezi zinkakhudza makamaka mizinda ndi matauni. Koma m'chaka cha 2016 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la Physical Planning Act, limene linaika dziko lonse la Malawi pansi pa ndondomeko ya mapulani. Ndiye kuti wofuna kumanga malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja cha ku Benga kapena ku Chia ayenera kudzera ku khonsolo ya boma la Nkhotakota monga achitira a m'mizinda. Funso langa n'lakuti, pamene khonsolo ikuunika mapulani oterewa, ndani amayankhulira msodzi?

Nkhawa yanga si nyumba yaudzu ya agogo ayi, koma zomanga zikuluzikulu. Papepala, malo oimikapo magalimoto ndi kabokosi kakang'ono kojambulidwa bwino. Mukafika pamalopo mupeza kuti m'pamene pali matandala oyanikapo usipa, m'pamene asodzi amakocheza mabwato ndi kusokerapo maukonde, ndiponso m'pamene padutsa kanjira ka amayi opita kukachapa. Wa ku ofesi sangazione zimenezi pa mapu, ngakhale akhale wophunzira bwanji. Mpanda ukangoima, kanjira kaja katha, ndipo mlonda amayamba kuthamangitsa anthu amene makolo awo anabadwira pagombe lomwelo. Kukadandaula njerwa zitafika kale pamutu wa zenera n'kutaya nthawi.

Palinso nkhani ya madzi. M'chaka cha 2024 nyanja inakwera modabwitsa, nimiza malo ogona alendo ndi nyumba ku Mangochi, ku Salima ndi kuno ku Nkhotakota. Bungwe loona za madzi la National Water Resources Authority linakumbutsa anthu kuti n'koletsedwa kumanga pansi pa mzere wa mamita 477 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere. Kodi zomanga zimene zinamirazo mapulani ake anaunika ndani? A ku Blantyre anaona zowawa koposa mu Marichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche, matope ndi miyala n'kukwirira mabanja a ku Chilobwe amene anamanga m'malo osayenera kumangapo.

Wina asandimve molakwa. Chitukuko tikuchifuna. Ana athu akusowa ntchito, ndipo alendo akachuluka mpunga ndi chambo chathu zidzapeza msika pafupi. Msewu wa M5 ukudutsa pakhomo pathu, choncho ofuna malo sadzaleka kubwera. Chimene ndikukana ndi mgwirizano wa m'chipinda, wa anthu atatu, umene mudzi umaudziwa tsiku lofika lole ya simenti.

Chikhalirecho lamulo lili mbali yathu. Customary Land Act ya 2016 imati nkhani za malo a makolo ziziyendetsedwa ndi komiti imene wapampando wake ndi a gulupu, pamodzi ndi anthu 6 osankhidwa ndi mudzi, ndipo mwa iwo amayi asachepere atatu. Amayi amenewa ndiwo adziwa bwino kumene kanjira ka kunyanja kadutsa. Mfumu siyeneranso kusenza yokha mtolo umenewu, ndipo mafumu anzeru ayenera kukondwa nazo, pakuti milandu ya malo yadanitsa abale ambiri.

Pempho langa kwa a DC ndi makhansala n'lakuti pulani iliyonse ya chomanga chachikulu m'mbali mwa nyanja izilembedwa mwachidule m'Chichewa, ndi kutumizidwa kwa a gulupu chilolezo chisanaperekedwe. Inu azibusa, ansembe ndi mashehe, mumalengeza maukwati milungu ingapo kuti wodziwa choletsa anene. Tithandizeni powerenganso zidziwitso zimenezi m'matchalitchi ndi m'mizikiti, kuti wodziwa choletsa akanene ku khonsolo nthawi ikadalipo. Ndipo pulani yosaonetsa njira ya anthu yopitira kunyanja izibwezedwa kwa mwini wake akaikonze.

Msodzi Wodandaula,
T/A Mwadzama,
Nkhotakota.