Sukulu Yogonera Komweko Ilere Mnyamata Wathunthu

(Gawo lachiŵiri)

Sabata yatha tinaona zifukwa zimene makolo ambiri amatumizira ana awo aamuna ku sukulu za pulayimale zogonera komweko, makamaka zimene zili m'manja mwa mipingo. Lero ndifuna tifunsane za zimene mnyamata amabwera nazo kumudzi akatha zaka zake kumeneko, ndipo ndiyamba ndi nkhani ya m'banja mwathu.

Mlongo wanga amathyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Mulanje. Zaka zitatu zapitazo tinamvana, iye monga mayi ndi ine monga malume, kuti mwana wake wachisamba apite ku sukulu ina ya mpingo ya anyamata okhaokha. Fizi tinkasonkherana, iye pa malipiro a m'munda wa tiyi ndi pa zinanazi zimene amagulitsa m'mbali mwa msewu, ine pa malipiro anga a uphunzitsi. Zaka ziŵiri zoyamba mwanayo ankabwera patchuthi ali ndi zambiri zosimba: bedi la mpiru limene ankathirira ndi anzake anayi, kwaya imene ankaimba nayo m'tchalitchi, mpira umene anagonja kwa sukulu yoyandikana nayo. Atafika mu Sitandade 8 nkhani zonsezi zinatha. Nditamufunsa za dimba lija anandiyankha kuti, "Amalume, ife a Sitandade 8 anatichotsa kudimba ndi kumpira. Timadzuka kusanache kukaŵerenga, ndipo tikaŵeruka timabwereranso m'kalasi kukalemba mayeso a zaka zam'mbuyo."

Aphunzitsi akewo sindiŵaimba mlandu wa ulesi kapena nkhanza. Iwo adziŵa, monga ndidziŵa ine, kuti malo m'sukulu za sekondale za boma ndi ochepa. Mu 1994 boma linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo chiŵerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Kuyambira pamenepo khomo la ku sekondale lakhala lopapatiza kwambiri, kotero kuti makolo amayesa sukulu poŵerenga maina a ana osankhidwa pa mayeso a MANEB. Sukulu imene anyamata ake sasankhidwa imataya ana chaka chotsatira. Komabe ndikunena kuti sukulu yogonera komweko ikasiya zonse chifukwa cha mayeso, yaphwanya pangano limene inachita ndi kholo.

Panganolo nali. Sukulu yoyendera imatenga mwana m'maŵa n'kumubweza masana, ndipo zotsala amaphunzira kumudzi: kugwira khasu, kuŵaza nkhuni, kupereka moni kwa akulu, kudziŵa pokhala pamaliro, kutumikira agogo ake. Sukulu yogonera imamutenga usana ndi usiku kwa miyezi pafupifupi isanu ndi inayi pachaka. Potero yalandira ntchito ya mayi, ya malume ndi ya mudzi wonse. Ikamuphunzitsa samu ndi Chingerezi chokha, palibenso wina amene adzamuphunzitsa zotsalazo, pakuti mtengo amauwongola ukali waung'ono.

Mipingo imene inayambitsa sukulu m'dziko muno inkadziŵa zimenezi. Amishoni a ku Scotland anakhazikika ku Blantyre mu 1876 ndipo anafika kuno ku Mulanje cha m'ma 1890. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre chinamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891 ndi manja a anthu akuno, motsogozedwa ndi David Clement Scott. Robert Laws atatsegula Overtoun Institution ku Khondowe mu 1894, anyamata ankaphunzira ukalipentala, kumanga nyumba, kusindikiza mabuku ndi ulimi pamodzi ndi maphunziro a m'kalasi, ndipo Henry Henderson Institute ya ku Blantyre, imene inatsegulidwa mu 1909, inatsata njira yomweyo. Ngakhale tiyi amene mlongo wanga amathyolayu anayamba kumera m'munda wa mishoni ku Blantyre, Henry Brown asanadzamubzale kuno mu 1891.

Pano wina adzanditsutsa, ndipo ayenera kumvedwa. Adzati maphunziro a ntchito zamanja ndiwo amene atsamunda ankafunira munthu wakuda, kuti apezemo antchito ndi akapitawo a m'minda yawo. Mu 1924 nthumwi za bungwe la Phelps-Stokes zinayendera maiko a kuno n'kulangiza maphunziro oyenerana ndi moyo wa kumudzi, koma kufikira cha m'ma 1940 dziko lino linalibe sukulu ya sekondale ndi imodzi yomwe. Makolo athu amene analima thangata m'maesiteti a Mulanje ndi Thyolo anali ndi chifukwa chokayikirira khasu la kusukulu. Mlongo wanga yemwe anandiuza tsiku lina kuti, "Achimwene, khasu n'lodzadza kuno kumudzi. Ine ndinamutumiza kukatenga pensulo."

Ndinamuyankha, ndipo ndikuyankhanso aŵerengi amene aganiza chimodzimodzi, kuti cholakwa cha atsamunda chinali kupereka khasu n'kumana buku. Ine sindipempha kuti buku lichepe. Ndipempha kuti mnyamata alandire zonse, ndipo chifukwa changa ndachipeza m'kalasi. Chaka ndi chaka ndimalandira anyamata a Fomu 1, ena a iwo ochokera ku sukulu zogonera zotchuka ndi malikisi apamwamba. Ambiri amatha kunena pamtima kutalikirana kwa mapando a chimanga, koma sanabzalepo phando ndi limodzi lomwe. Ena sadziŵa kuchapa yunifomu kapena kusoka batani. Choopsa koposa n'chakuti anazoloŵera kuŵerenga chifukwa belu lalira ndipo mphunzitsi waima pakhomo. Akafika ku sekondale, kumene palibe wowaimira pamsana, amagwa asanamalize Fomu 2. Koma mnyamata amene anasamalapo bedi la ndiwo kufikira kukolola, amene anakhalapo mtsogoleri wa timu kapena anasungapo makiyi a laibulale, amadziŵa kuyamba ntchito yekha n'kuimaliza, ndipo luso limenelo ndilo limamupititsa ku yunivesite.

Boma lathu la Mulanje lili ndi chifukwa chinanso. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula mapiri n'kusefukitsa mitsinje, ndipo midzi ya kuno ndi ya ku Phalombe inaika maliro ochuluka. Mkungudza, mtengo wa fuko lathu umene kwawo n'kuphiri lino, watsala pang'ono kutheratu chifukwa cha macheka ndi moto. Mnyamata amene amagona patsinde pa phiri limeneli zaka zitatu ayenera kutuluka atafesapo mbewu za mitengo pa nazale ndi kudziŵa chifukwa chake madzi amathamanga pamtunda wopanda mitengo. Phunziro la sayansi silingaloŵe m'mutu mwake mwa njira ina yoposa imeneyi.

Nanga dzina la Chikhristu limene lili pachikwangwani cha sukuluyo? Luka 2:52 imatchula mbali zinayi za kakulidwe ka Yesu ali mnyamata: nzeru, thupi, ubale wake ndi Mulungu, ndi ubale wake ndi anthu. Sukulu ya mpingo imene yasankhapo mbali imodzi yokha yasiya chiphunzitso chake chomwe. Mapemphero a m'maŵa ndi madzulo ndi abwino, koma Chikhristu cha sukulu yogonera chimaonekera kuhositelo nyali zikazima. Kodi wamkulu amatani ndi kamwana ka Sitandade 5 kamene kakulira kufuna mayi ake? Amakalanda chiponde ndi kukachapitsa zovala zake, kapena amakafunditsa bulangete? Mwana akakodza pogona, amamuseka pamzere kapena pali mayi woyang'anira amene amamuthandiza mwakachetechete? Izi sizilembedwa pa lipoti, koma mnyamata amakula nazo kufikira tsiku limene adzakhala bambo wa banja kapena bwana wa anthu.

Choncho ndipempha eni sukulu ndi aphunzitsi aakulu zinthu zitatu. Asunge maola a dimba, maseŵero ndi nyimbo sabata iliyonse kufikira mu Sitandade 8 momwe. Aleke kugwiritsa khasu ndi chikwakwa ngati chilango, pakuti mwana wolangidwa ndi khasu amakula akulida. Ndipo aike munthu wamkulu wachifundo wogona pafupi ndi ana aang'ono. Ife makolo, tsiku lokaona ana tisafunse nambala ya m'kalasi yokha. Tipemphe kuti mwana atisonyeze bedi lake la kudimba ndi malo amene amagona, ndipo timufunse dzina la mnzake wapamtima. Aphunzitsi amatsata zimene makolo amafunsa, ndipo ngati dimba linafa n'chifukwa chakuti ifenso tinasiya kulifunsa.

Mphwanga uja akuyembekezera zotsatira za mayeso, ndipo tonse tikupemphera kuti asankhidwe. Pakali pano ndamupatsa mizere khumi kuseri kwa nyumba ya agogo ake ndi timachubu makumi aŵiri ta mbande za mitengo. Sabata yamaŵa tidzaona za chakudya cha m'sukulu zogonera ndi mmene fizi ya makolo imagwirira ntchito.