Amalipira Msana, Mutu Ndi Wabanyira

Mnzanga wina amene tinkakhala desiki imodzi ku sekondale ali ku Tromsø, kumpoto kwenikweni kwa Norway, komwe anapita kukawonjezera maphunziro. Mu January wapitayu ananditumizira kavidiyo pa WhatsApp. Netiweki ya kuno ku Milonde mukuidziwa, kavidiyo kakafupi kamatenga nthawi yoti munthu n'kuphika nsima mpaka kupakula. Katatseguka ndinaona thambo lakuda bii, kenaka chinthu chobiriwira chikuyenda m'mwambamo ngati chitenje chapachingwe mwera ukamaomba. Pansi pali chipale chofewa mbuu, anthu avala ngati mitolo ya kaunjika, akukuwa ndi chimwemwe.

Ndinali pakhonde ndi amalume anga. Iwowa anatha unyamata wawo wonse akukwera Phiri la Mulanje ndi zikwama za alendo kumsana, nthawi zina kuyambira ku Likhubula, nthawi zambiri kudzera mbali ya kwathu kuno ya ku Lujeri kupita ku Madzeka. Lero maondo awo anatha, kuti adzuke pampando amayamba apangana nawo kaye. Ndinawapatsa foni. Anaonera kawiri, osanena kanthu. Ndinawafotokozera zimene mnzangayo analemba: kuti kumeneko kuyambira kumapeto kwa November mpaka pakati pa January dzuwa silituluka n'komwe, ndipo anthu amachoka ku Japan, ku America, ku Italy kudzalipira madola opitirira 100 munthu mmodzi, usiku umodzi, kuti woperekeza alendo awatengere kumdima akaone kuwala kumeneku.

"Ndiye woperekezayo amawanyamulira chiyani?" anafunsa amalume.

Ndinati sanyamula kanthu, amayendetsa kaminibasi basi.

"Nanga akumulipira chifukwa chani?"

Ndinati chifukwa cha zimene akudziwa.

Anandibwezera foni, n'kuseka kaphwete kosakoma. Tsopano tili mu June, nyengo yathu yozizira yafika, alendo ayamba kukwera phiri, koma kuseka kuja sikunandichoke m'khutu.

Poyamba tione chimene a ku Tromsø akugulitsa. Kuwala kwa kumpotoku, komwe asayansi amati aurora borealis, si kwawo ayi. Dzuwa limalavula tizinthu ting'onoting'ono tamagetsi, mphamvu ya maginito ya dziko lapansi n'kutikokera kunsonga ziwiri za dziko, kumpoto ndi kummwera. Tikagundana ndi mpweya pamtunda wa makilomita 100 kapena kuposa, mpweyawo umawala. Kubiriwira kuja n'kwa okosijeni. Palibe munthu wa ku Norway amene anadzala zimenezi kapena kuzithirira. Ndipo sizibwera pa belu. Kukakhala mitambo simuona kanthu, ndalama yapita. N'chifukwa chake gaidi wa kumeneko amakhalira kuwerenga nyengo ndi mphepo, amadziwa chigwa chimene mitambo imachedwa kufikako, ndipo usiku wina amayendetsa alendo mpaka kudutsa malire a Finland kusaka pamene thambo layera. Akafika amawaveka zovala zotentha, kukoleza moto, kuwatcherera makamera, n'kumawasimbira zimene Asami, eni dera lija, ankakhulupirira, monga zoti kuwalako sakuimbira mluzu. Mwachidule akugulitsa mdima, kuzizira ndi mutu wa munthu.

Mdima tili nawo, wina wochita kutipatsa a magetsi osaupempha. Kuzizira kulipo: gonani ku Chisepo kapena ku Thuchila mu July muone ngati udzu sudzuka utauma gwaa ndi chisanu. Kuwala kobiriwirako kokha ndiye tilibe, tili pafupi kwambiri ndi pakati pa dziko, ngakhale kuti mu May 2024 dzuwa litalusa kunaoneka mpaka kummwera kwa South Africa. Koma amene anagonapo pamwamba pa phirili mwezi uli kumdima akudziwa kuti m'miyezi ino Mlalang'amba umadutsa pamutu penipeni, woyera ngati ufa wotayika pamsewu, chinthu chimene anthu ambiri a m'mizinda ya ku Ulaya sachionanso chifukwa cha magetsi awo. Mutu wa munthu nawo ulipo. Ndiwo ndinali nawo pakhonde paja. Vuto n'lakuti kuno mutu sitinauikepo mtengo.

Amalume amadziwa kuti chiperoni chikubwera tsiku lathunthu chisanafike. Amayang'ana mbali ya ku Mozambique, komwe kuli phiri la Chiperone limene linapatsa mvula yowaza imeneyi dzina, amamva mmene mphepo yasinthira pakhungu, basi n'kunena kuti mawa sitikwera. Amadziwa mtsinje umene ungaoloke mvula itagwa ola limodzi ndi umene ungakunyenge. Amadziwa pomwera madzi, mwala woterera, phanga lobisalamo nkhungu ikatseka njira moti dzanja lako lomwe sukuliona. Amadziwa mitengo ndi ntchito zake, malo amene makolo ankathira nsembe, ndi chifukwa chake munthu ukapeza chakudya m'phiri umangodya osaitana anzako. Zonsezi anazipereka ulere kwa zaka zonse zija, ngati banyira wa pamsika wa Limbuli, uja amakuikira pamwamba ukagula mulu wa tomato. Chimene ankalipidwa ndi makilogalamu a kumsana ndi masiku a ulendo.

Zimenezi sizinayambe dzulo. Azungu atafika kuno kudzatsegula minda ya khofi ndi tiyi m'zaka za m'ma 1890, agogo athu anali amtengatenga ndi onyamula machila. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse anatengedwa miyandamiyanda kukasenza katundu wa asilikali, ambiri osabwerera. Pa esiteti panali thangata. Mkungudza wa m'phiri muno, umene makolo ankaudziwa kalekale, unalembedwa m'mabuku ndi dzina la Alexander Whyte, Widdringtonia whytei, ngati kuti unamera tsiku limene iye anauona. Amene anamulondolera njira sanalembedwe paliponse. Boma la atsamunda linapita mu 1964, koma kagawidwe ka ntchito kaja kanatsala: wodziwa ndi amene wabwera ndi mapu, wakuno ndi miyendo.

Mtengo wake wa maganizo amenewa nthawi zina ndi moyo. Mu July 2009 mnyamata wina wa ku Brazil, wophunzira kwambiri za chuma, anakwera kulowera ku Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002, n'kusiya womuperekeza kuti atsirize yekha. Nyengo inatembenuka. Mtembo wake unapezeka patapita milungu yoposa iwiri, ndipo nkhani yake inadzakhala filimu mu 2017. Mu 2003 mtsikana wa ku Netherlands anakwera yekha, sanapezeke. Zikatere timathamangira kunena za mizimu, manyuzipepala n'kugulika. Ine za mizimu sinditsutsa, ndine mwana wa kuno, dzina loti Sapitwa silinangobwera. Koma ndimafunsa funso lina. Mlendo ameneyo ali ku Tromsø, gaidi atamuuza kuti usatsike pa nyanja youmayo, angatsike? Sangayerekeze. Amamvera chifukwa analipira mawu a munthuyo. Kuno mawu a woperekeza ndi abanyira, ndipo chabanyira munthu amatha kuchisiya pa benchi osamva kutaya.

Ndikudziwa zimene ena muyankhe mu ndemanga pansipa, poti tinakanganapo kale. Muti zinthu zinasintha: operekeza alendo ali ndi bungwe lawo, mitengo ya gaidi ndi ya wonyamula katundu n'njosiyana, ena anaphunzitsidwa chithandizo choyamba ndipo amalankhula Chingerezi chomveka. N'zoona, ndipo amene anagwira ntchito imeneyo ndikuwavulira chipewa. Koma tayang'anani kusiyana kwa mitengo iwiriyo, muone ngati kukufanana ndi kusiyana kwa msana ndi mutu. Kenaka tayerekezani ndi zimene mlendo walipira kukampani ya mu Blantyre, ya ku Lilongwe kapena ya kwawo komwe, imene inamugulitsa ulendo wonse pa intaneti. Kampani ina, dzina ndisunga, inatenga amalume ulendo wa masiku anayi, n'kuwajambula ataima pamwala dzuwa likutuluka. Chithunzicho chinakhala pa tsamba lawo zaka zingapo. Pansi pake analembapo dzina la mwala.

Ena muti tikakweza mitengo alendo athawa, poti ndi ochepa kale. Ine ndikuti alendo amene amawoloka nyanja kukaima pa chipale usiku wonse, popanda chitsimikizo choti aona kanthu, si anthu othawa mtengo. Amathawa ulendo wosakonzeka. Ife timawagulitsa kutopa: kwerani, fikani pamwamba, jambulani, tsikani. Dzuwa likalowa ulendo watha, mlendo ali m'kanyumba akuwerenga buku ndi tochi, gaidi ali kukhitchini ndi anzake akuotha moto, thambo lonse lija lili panja lopanda woliyang'ana. Ndani anakhalapo pansi kukonza usiku umodzi wa nyenyezi pa Lichenya kapena pa Chambe, mwezi uli kumdima, ndi munthu wachikulire wodziwa kuloza Nthanda ndi Nsangwe ndi kusimba za akazi a mwezi, wina womudyetsa wina womumana? Munthu wotereyu safunika maondo a mnyamata. Akhoza kukwera pang'onopang'ono, chikwama chake n'kunyamula wina. Koma kwathu kuno maondo akatha ntchito yatha, ngakhale kuti ndi nthawi imene mutu wadzaza.

Sindikunena kuti ku Norway n'kumwamba. Mnzanga uja akuti nakonso kuli oyendetsa alendo achinyengo, nyumba zakwera mtengo chifukwa cha alendo, ndipo Asami ena amadandaula kuti zovala zawo zasanduka zokongoletsera zithunzi za eni makampani. Tisatengere zonse. Ndikungotola chimodzi chokha chimene iwo anachiona ife tisanachione.

Tsono pali chinthu chimene chimandipweteka kuposa ndalama. Timadabwa kuti mkungudza unatha bwanji, mtengo umene Kamuzu anautcha wa fuko mu 1984, m'nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927. Pofika 2017 ofufuza anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Timatukwana anyamata otsika ndi matabwa pamutu ndi matumba a makala panjinga, ndipo inde akuwononga, Namondwe Freddy mu March 2023 anatikumbutsa ndi maliro chimene phiri lovulidwa limachita. Koma mnyamata ameneyo tinamuphunzitsa chiyani? Anaona agogo ake, anaona amalume ake, n'kumvetsa bwino lomwe kuti phiri limalipira chimene wasenza basi. Alendo akasowa, thabwa lilipo. Thabwa silidikira June, silifuna Chingerezi, silidandaula pa intaneti. Akanakula akuona kuti munthu amadya chifukwa chodziwa pamene pali mkungudza wamoyo n'kukauonetsa, bwenzi nkhwangwa akuiganizira kawiri. Ngakhale mpikisano wathu wotchuka wa chaka ndi chaka, Porters Race, umene ndimaukonda ndipo ndimakaonerera, ukutamanda chomwecho: miyendo. Wa mitu sitinauyambitse.

Mu July 2025 bungwe la UNESCO linalemba Phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse. Kunali kuvina, akuluakulu analankhula pa wailesi. Koma ambiri sanawerenge kuti linalembedwa ngati chiyani. Silinalowe chifukwa cha kutalika kwa Sapitwa. Linalowa ngati malo a chikhalidwe, chifukwa cha zikhulupiriro ndi miyambo ya Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe ozungulira phirili. Kunena kwina, dziko lonse lasainira kuti chamtengo wapatali m'phiri muno ndi chija chili m'mitu ya anthu onga amalume. Ndiye ndikufunsa a zokopa alendo, a zankhalango, a khonsolo ndi mabungwe onse amene magalimoto awo amakhota pa Chitakale kupita ku Likhubula osafika kuno: mwapita kwa angati mwa akuluakulu amenewa ndi kope m'manja ndi envelopu m'thumba? Osati kukawajambula. Kukawalemba ntchito yophunzitsa.

Ndisaloze chala ena okha. Ife ophunzira a kuno ndife oyamba kunyoza. Ine ndemwe ndatha kufotokoza za okosijeni wa ku Norway m'ndime imodzi, koma nditafunsidwa mayina khumi a nyenyezi m'Chichewa kapena m'Chilhomwe ndikhoza kuthera pa atatu. Kavidiyo ka mnzanga ndinakatumiza m'magulu anayi a WhatsApp usiku womwewo, pamene amalume ndakhala nawo khonde limodzi kuyambira ndili mwana osawafunsa kanthu kupatula za ndalama ya fizi.

Dzulo madzulo ndinapita kwawo ndi kope. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana kopelo.

"Mwanawe, zimenezi ukazigulitsa kuti?"

Ndinati sindigulitsa, ndikufuna kungosunga.

"Onse amatero."

Tinakhala panja mpaka mbaula inazima. Ananditchulira zina, zina anati abwere kaye adzukulu awo amve nawo, poti safuna kuti zipite mu foni zisanalowe m'mutu wa munthu wa pakhomo. Tinapangana kuti ndizibwera Lachisanu lililonse ndi shuga ndi mafuta opaka m'maondo, ndipo anandiuza mosabisa kuti imeneyo si mphatso, ndi malipiro, komanso ndi ochepa. Ndikutsanzika anakweza mphuno kuyang'ana kum'mawa, thambo lili mbee, nyenyezi zili ngwee.

"Ukawauze apongozi anga asachape mabulangete mawa."

Ndinaiwala kunena. Pamene ndikulemba pano chiperoni chatseka phiri lonse, mabulangete atatu ali pachingwe akudontha, ndipo mayi a kunyumba sakundilankhula.