Lekani kunena kuti munthu wakuda sangasambire

Pali bodza lomwe ndatopa kulimva, ndipo chondipweteka n'choti eni akefe ndi amene timalifalitsa uku tikuseka, loti munthu wakuda sanalengedwe kuti azisambira. Ena amati mafupa athu ndi olemera, ena amati thupi lathu silitha kuyandama. Ukawafunsa umboni amati uyang'ane amene amapambana mipikisano. Chabwino, tiyeni tiyang'anedi. Nditenga mpikisano wa amuna wosambira ndi kudumphira m'madzi wa mayunivesite a ku America, umene bungwe la NCAA limachititsa, chifukwa akatswiri ambiri a ku Olympics amadzera kumeneko.

Mpikisanowu unayamba mu 1924, ndipo kuyambira 1937 anayamba kupereka chikho kwa timu yonse. Zaka zoyambirira zinali za Michigan ya kochi Matt Mann ndi Ohio State ya Mike Peppe. Indiana ya Doc Counsilman inatenga chikho maulendo 6 motsatizana kuyambira 1968 mpaka 1973, ndipo Mark Spitz, yemwe anatenga mendulo zagolide 7 ku Munich mu 1972, anali wa timu imeneyi. Kenako Eddie Reese anabweretsera Texas zikho 15 pakati pa 1981 ndi 2021. Zithunzi za matimu amenewa, makamaka akalewo, n'zodzaza ndi azungu. Zimenezo sindikukana. Chomwe ndikukana ndi chifukwa chimene anthu amapereka.

Mnyamata wopambana ali ndi zaka 20 amakhala kuti anayamba kulowa m'dziwe ali kamwana. Ndiye tifunse kuti pa nthawi imene Michigan ndi Ohio State zinkasinthana zikho, ndani ankaloledwa kulowa m'maiwe osambiramo a m'mizinda ya America? Mu 1949 mzinda wa St. Louis utalola anthu akuda kusambira pa dziwe la Fairground Park, chigulu cha azungu chinawamenya, ndipo akuluakulu a mzindawo anabwezeretsa tsankho lija. Mu 1964 ku St. Augustine, m'chigawo cha Florida, woyang'anira motelo ina, James Brock, anathira asidi m'dziwe muli achinyamata akuda ndi azungu omwe ankasambira limodzi potsutsa tsankho. Mzinda wa Jackson, ku Mississippi, unasankha kutseka maiwe ake kusiyana n'kuti akuda ndi azungu asambire pamodzi, ndipo mu 1971 khoti lalikulu la dzikolo, pa mlandu wa Palmer v. Thompson, linagamula kuti mzindawo sunaphwanye malamulo. Amene anali ndi ndalama anasamukira kumakalabu olipiritsa. Ana a amphawi anatsala panja.

Odumphira m'madzi nawo anakumana nazo. Sammy Lee, mwana wa makolo ochokera ku Korea, ankaloledwa kulowa m'dziwe la ku Pasadena tsiku limodzi lokha pa sabata, madzi atatsala pang'ono kusinthidwa. Masiku ena ankaphunzira podumphira mudzenje la mchenga. Anatengabe golide ku Olympics mu 1948 ndi 1952. Tangoganizani kuti ndi angati ena aluso ngati iye amene anagwa ulesi panjira, mayina awo osalembedwa paliponse.

Mutsekereni munthu kunja kwa zaka makumimakumi, kenako muloze mndandanda wa opambana n'kunena kuti mtundu wake sutha kusambira. Chinyengo chake n'chimenecho. Mu 1987 Al Campanis, mkulu wa timu ya baseball ya Los Angeles Dodgers, ananena pa wailesi yakanema kuti anthu akuda sachita bwino posambira chifukwa sayandama. Ntchito inamuthera pompo. Chaka chotsatira ku Seoul, Anthony Nesty, mnyamata wakuda wa ku Suriname, anagonjetsa Matt Biondi pa mamita 100 a butterfly ndi kusiyana kwa masekondi 0.01 okha. Nesty yemweyo, ali ku yunivesite ya Florida, anapambana mayadi 100 a butterfly a NCAA mu 1990, 1991 ndi 1992. Cullen Jones wa ku North Carolina State, yemwe anatsala pang'ono kumira ali ndi zaka 5 mayi ake n'kumulembetsa maphunziro osambira, anapambana mayadi 50 a freestyle mu 2006. Mu 2023 Jordan Crooks wa ku Tennessee anatenga mayadi 50, Josh Liendo wa ku Florida anatenga mayadi 100 a freestyle. Onse awiri ndi akuda, ndipo kochi wa Liendo anali Nesty uja. Mafupa olemera aja anapita kuti?

Wina anena kuti awa ndi owerengeka chabe. Inde ndi ochepa, ndipo chifukwa chake n'chodziwika. Kusambira ndi luso lomwe limayenda m'banja. Kholo lomwe linakanizidwa kulowa m'dziwe limaopa madzi, ndipo limaletsa mwana wake kuyandikira madzi. Lamulo la tsankho likachotsedwa, mantha aja amatsalabe m'nyumba. Onjezanipo ndalama za kalabu, za kochi ndi za maulendo. N'chifukwa chake pa mayunivesite onse amene anakhazikitsidwa kuti aphunzitse anthu akuda ku America, Howard yokha ndi imene yatsala ndi timu yosambira. Timu yake ya amuna inatenga chikho cha Northeast Conference mu 2023.

Anzanga, nthabwala imeneyi ili ndi mtengo wake. Bungwe la WHO limati chigawo cha Africa ndi chimene anthu amafa kwambiri ndi kumira poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu. Munthu amene wakhulupirira kuti thupi lake silingayandame saphunzira, ndipo tsiku limene bwato lagubuduka sakhala ndi chochita. Komanso ife kuno tilibe chowiringula. Ana a asodzi ku Nkhata Bay, Nkhotakota ndi Mangochi amasambira asanayambe sukulu. Chomwe alibe ndi kochi, wotchi yoyezera liwiro ndi sukulu yowatenga ngati akatswiri, zomwe Mark Spitz anapeza ku Indiana.

Pempho langa ndi ili. Ngati simutha kusambira, nenani kuti simunaphunzire, ndipo kaphunzireni. Ngati muli m'bungwe la ophunzira, funsani kuti pa ndalama za masewera ndi zingati zikupita ku maphunziro osambira. Koma khungu lathu lisiyeni, silinalakwe kanthu.