Za Kupenya Nsomba Zili M'madzi

Tsiku lina ana a kuno ku Songani anatifunsa kuti: "Kodi nzoona kuti alipo anthu olowa m'madzi osati kukagwira nsomba, koma kungozipenya?" Inde nzoona. Munthu avala galasi lophimba maso ndi mphuno, naluma kampope kamene nsonga yake itulukira pamwamba, ndipo ayandama chafufumimba, napuma monga ali pamtunda.

Ku nyanja ya mchere, monga ku Pemba m'dziko la Mozambique, anthu otere apenya matanthwe otchedwa korali. Musayese kuti ndi miyala wamba. Awamanga ndi tizilombo tating'onoting'ono tokhala pamodzi, ndipo madzi akatentha kopitirira, matanthwewo ayera mbee, ena nafa, monga kunachitika m'nyanja zambiri chaka cha 1998.

Kwathu kuno korali kulibe, pakuti safuna madzi opanda mchere. Koma ku Chembe, kumene ena ati Cape Maclear, kuli miyala ikuluikulu pansi pa madzi oyera, ndipo pamenepo pakhala mbuna. Ife tomwe tinakawerama pafupi ndi chilumba cha Thumbi. Taonani, nsomba zobiriwira, zachikasu, zamizeremizere, zilikudya ndere pamwala osatiopa konse! Yaimuna iliyonse ili ndi mwala wake, ipirikitsa inzake yoyandikira. Chimene chinatizizwitsa koposa ndi ichi: yaikazi isunga mazira m'kamwa mwake kufikira ataswa, ndipo masiku onsewo siidya kwenikweni. Malowo boma linawapatula chaka cha 1980, kuti asodzi asaponyepo ukonde. Tichenjeze amene apita kumeneko: m'madzi osaya a m'mbali muli nkhono za likodzo, tsono pobwera kayezetseni kuchipatala.

Anawo anafunsanso: "Nanga ku Kachulu sitingathe?" Iai. Nyanja yathu ya Chilwa ndi yosaya, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo mphepo ivundula matope kotero kuti dzanja lako lomwe suliona. Makumba, matemba ndi milamba tiziona zitalowa kale m'bwato. Matopewo achuluka chaka ndi chaka, pakuti Domasi ndi Likangala atenga dothi la m'mapiri amene tadulamo mitengo. Nyanjayo inaphwa mu 1968, mu 1995, ndiponso mu 2018, pamene mabwato a ku Kachulu anagona pa dothi long'aluka, asodzi nasowa pogwira.