Woyimira maloya asakhalenso wowaweruza

Mayi wagundidwa ndi minibasi, wathyoka mwendo, khoti lagamula kuti alandire chipukutamisozi. Kampani ya inshuwalansi yalipira kudzera kwa loya wake. Kuyambira pamenepo ulendo wake ndi wa ku ofesi ya loyayo, atanyamula mapepala m'jumbo, ndalama yokwerera yochita kukongola, ndipo yankho ndi limodzi: "Bwana ali ku khoti, mudzabwere sabata yamawa." Akatopa, amamulozera ku Malawi Law Society, bungwe limene loyayo ndi membala wake, amasonkhako ndalama chaka chilichonse komanso amasankha nawo atsogoleri ake. Apa ndiye pali vuto. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo bungwe lolankhulira maloya siliyenera kukhalanso khomo lolandirira madandaulo a anthu amene maloyawo awalakwira.

Azaumoyo anazisiyanitsa kale ntchito ziwirizi. Anamwino akafuna kumenyera malipiro amapita ku National Organisation of Nurses and Midwives, koma kaundula wawo ndi nkhani za mwambo zili m'manja mwa Nurses and Midwives Council. Madokotala ali ndi mabungwe awo, pomwe wowalembetsa ndi kuwalanga ndi Medical Council of Malawi, yokhazikitsidwa ndi lamulo la 1987. Ku England nako, kumene tinatengera malamulo athu ambiri, ntchito yoyang'anira maloya inapatulidwa mu 2007 n'kupatsidwa Solicitors Regulation Authority, ndipo pambuyo pake kunabwera ofesi yapadera ya madandaulo, Legal Ombudsman.

Maloya amayankha kuti mphamvu yolanga anzawo ikachoka kwa iwo igwera m'manja mwa boma. Mantha amenewa ndimawamvetsa. Dziko lino linaona loya Orton Chirwa akuzengedwa mlandu m'khoti la mafumu limene silinkalola loya, mpaka anafera kundende ya Zomba mu 1992. Mu 2020, boma litafuna kupumitsa mkulu wa majaji Andrew Nyirenda nthawi yake isanakwane, maloya anavala mikanjo yawo n'kuguba m'misewu. Mawu otero tikuwafunabe. Koma n'chifukwa chake bungweli liyenera kutula katundu woweruza maloyayu, pakuti likamadzudzula boma pa katangale kwinaku anthu akung'ung'udza kuti limaphimba ake, mawu ake amapepuka. Palibenso akunena kuti nduna izisankha oweruza maloya. Lamulo lingathe kukhazikitsa ofesi yoima payokha, mokhala majaji opuma, maloya ochepa ndi anthu wamba ochuluka.

Ena amati bungweli limalanga kale, ndipo maina a olangidwa amalengezedwa. Zoona, koma wodandaula sadziwa kuti madandaulo angati amalowa pachaka, angati amatha, ndiponso amatenga miyezi ingati. Ziwerengero zimenezi zizituluka poyera, ndipo mayi wa ku Nsanje kapena Chitipa azitha kupereka dandaulo m'chilankhulo chake pa bwalo la majisitireti lapafupi, osachita kukwera basi kupita ku Blantyre.